Mkono wa Atelala

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Ine ndilipo, ntchito ndinayamba ku wodi ya odwala matenda a maganizo.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti wodwala amachira ukakhala naye pansi n'kumamumvetsera. Kuno nditangonyamula mpando, asisitala, akulu a anamwinofe, anaseka: "Iwe wadigiri, muno mpando ndi chida. Baya jekeseni uzipita." Ndinalumbira kuti ndisintha zimenezi chaka chisanathe.

Muli bambo ena, kale anali telala, amene sankayankhula ndi munthu. Ndinkakhala nawo pasimenti mpaka anayamba kundifotokozera za makina awo. Lachiwiri anakana mankhwala. Antchito tinachepa, ndiye asisitala anandiitana kuti ndiwagwire mkono bambowo powabaya jekeseni. Ndinagwira. Sanalimbane nane, anangoti, "Mwana wanga, manja ako akuzizira ngati a enawa." Tsopano akandiona amatembenukira kukhoma.

Mawu amenewo ndikumawamvabe, ngakhale ndili ndekha kunyumba, ndipo tulo sindikutiona. Paja matenda a maganizo a bambo anga aja anayamba ali ndi zaka zingati? Ndangofunsa chabe. Amayi musawauze.

Ndatha ine,
mwana wa achimwene anu