Msuzi wa Ndere Mayeso Ali Pakhomo

Lachitatu, 3 Epulo

Afika. Ndinakawachingamira ku siteshoni ya Busan, a Pil-sun, amene timawatchula achemwali, ndi Jeom-rye, anzanga akumudzi. Tinasiyana kale, iwo akupita ku sekondale, ine ndikubwera kuno kudzasoka nsapato m'fakitale. Abwera kudzaona mzinda poti achemwali akukwanitsa zaka 60 Lachisanu. Agona kwanga.

Tsoka lake, Loweruka ndi mayeso anga, aja a ife akuluakulu amene tinalekera ku pulayimale. Sindinawauze. Jeom-rye akamva ndiye kuti mudzi wonse wamva. Nanga ndikalephera nkhope ndidzaiika pati?

Lachinayi, 4 Epulo

Miyendo ikuwawa. Tinakwera masitepe a ku Gamcheon, Jeom-rye akutiimika pakhoma lililonse kuti atijambule. Ine ndimaloweza maina a mafumu akale chamumtima, koma kaya milomo imagwedera, chifukwa anandifunsa ngati ndayamba kupemphera kuukalamba.

Ku msika wa Gukje Jeom-rye wagula chipewa chachikulu ngati chivundikiro cha mphika. Achemwali agula masokosi a adzukulu okha, zawo ayi. Tinadya zitumbuwa zanjere zija tili chiimire. Changa ndinachigawa panayi, n'kuyamba ndadya gawo limodzi, n'kumaganiza zotsalazo amazilemba bwanji pamasamu. Nsomba zaziwisi ku msika wa Jagalchi ndangolawa, kuopa m'mimba.

Pobwerera m'sitima Jeom-rye akuti mawa tipite ku Gijang tikagule ndere za m'nyanja, aphike yekha msuzi wa tsiku lobadwa m'khitchini mwanga. Mtima unangoti myuu. Ndinaiwaliratu za msuziwo. Wodya ndere mayeso ali pafupi amaterereka n'kulephera, aliyense amadziwa. Aphunzitsi athu amati n'zachikale. Iwo mayeso anakhoza kale.

Lachisanu, 5 Epulo

Ku Gijang kunali mphepo. Ndere Jeom-rye anasankha zabwino, zakuda bii.

Waphika bwino, ndi nyama yang'ombe, fungo nyumba yonse. Ana a achemwali ali ku Seoul, angoimba foni. Amuna awo anamwalira chaka chatha. Ndiye achemwaliwo anati chaka chino msuziwu amwa ndi ife, abale amene atsala nawo. Anandipatsa mbale ndi manja awiri.

Ndinagwira supuni, n'kuibwezera pansi. Ndinati m'mimba simuli bwino.

"M'mimba mwake muti?" anatero Jeom-rye. "Dzulo umadya zitumbuwa ngati msilikali. Kapena a m'tauni simudya zophika ife akumudzi?"

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga mbale yanga n'kubwezera msuzi mumphika. Titatha kudya anavala jekete, akuti akukawongola miyendo, ndipo anakana kuti ndiwaperekeze. Abwera ndi kathumba kakuda, sanandionetse.

Ndawakhumudwitsa pa tsiku lawo. Ndawauza kuti mawa ndaitanidwa kuntchito. Bodza lachiwiri. Zolembera ndaziyesa zonse, zikulemba. Chiphaso cha mayeso chili m'chikwama, ndayang'anamo kangapo.

Loweruka, 6 Epulo

Ndikulemba nthawi yopuma masana.

M'mawa ndinanyamuka monyang'ama. Kufika pakhomo povalira nsapato, ndinawapeza onse awiri atavala kale, Jeom-rye ndi chipewa chake chija. Achemwali anatsegula kathumba kaja. Munali yeot, switi yomata ija timapatsa ana polemba mayeso kuti asaterereke.

"Ndalera ana atatu ine, Gwi-nam," anatero. "Ndikudziwa amene amakana msuzi wa ndere. Idya, umatirire."

Ndinafuna kufotokoza koma Jeom-rye anandilanda chikwama, akuti switiyo ndisatafune, ndizingoyamwa, mano anga oikirira aja angatsalire momwemo. Njira yonse m'sitima amandifunsa mafumu. Awiri anawasokoneza yekha.

Masamu anali ovuta. Funso lomaliza ndangolota. Kwatsala sayansi, ndipo sindikudziwa ngati ndikhoze.

Pawindo ndikuona geti. Ndinawauza kuti apite akaone maluwa ku Haeundae, lero ndi tsiku lawo lomaliza, koma akadali pomwepo, akhala pa nyuzipepala pakati pa ana ndi adzukulu a anzanga olemba nawo mayeso. Jeom-rye wamata yeot pachitsulo cha geti, mlonda akumulankhula, iye akuloza kuno. Achemwali afungatira fulasiki. Anati msuzi uja ndiumwa ndikangotuluka.

Belu lalira.