Kaseti Yanu Ija Inaduka

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Hull tilipo, kungoti kuzizira kwayambanso, mphepo yochokera kudoko ikuchita kulowa m'mafupa. Ntchito kuchipatala ikuyenda. Bambo a Tadala akadali pantchito yonyamula katundu kuweyahausi kuja, tsiku lililonse kudandaula msana, koma mpira ukayamba pa TV msanawo umapola wokha. Nkhani yaikulu ndi yakuti Tadala ali ndi mng'ono wake. Tinamutcha Esinati, dzina lanu, ndipo mphuno ndi yanu yomweyo, musakane. Kumudzi achimwene akuti chimanga chachita bwino chaka chino. Ine ndinadzala maungu kuseri kwa nyumba kuti ndizidyako nkhwani, koma nkhono zakuno zilibe ulemu, zinandisiyira mitsitsi yokha.

Chimene ndakhalira pansi kulemba ndi kaseti yanu ija, ya mayi wa ku Amereka woimba nyimbo za kantiri. Munaigula mumsika wa Limbe chaka chomwe inkalira paliponse, m'minibasi, m'masaluni, ngakhale pa maukwati. Mukakhala pa makina osokera pakhonde, phazi lanu linkapalasa motsatira gitala. Munkati, "Chizungu sindimva, koma mayi uyu mwamuna wake anamuvutapo, ndikumva ndithu." Ndikakuuzani kuti nyimbo ina ndi yachisangalalo, munkati ndikadali mwana.

Pamaliro anu sindinafike, mukudziwa. Ndinali wotopa ndi pakati pa Esinati, madokotala anandiletsa kukwera ndege. Achimwene atandifunsa chimene ndikufuna pa katundu wanu, ndinati kaseti basi. Anaseka, amvekere makina osokera ukuwasiya? Makinawo anatenga alamu, ndipo akuwasamala. Kasetiyo inabwera ndi mnzanga wina, namwino wa ku Sheffield, itakulungidwa m'duku lanu lobiriwira.

Achimwene anaiwala, koma inu simungaiwale. Tadala ali ndi zaka zitatu anapita mozemba pa wayilesi n'kudina batani lofiira pakati pa nyimbo yachitatu, ija munkaikonda kuposa zonse. Wayilesi inafufuta mayi uja n'kujambula inuyo mukukalipa. Munakwiya sabata yathunthu, mukuti mwana wakupherani nyimbo. Amayi, zithunzi zanu tili nazo, koma mawu anu palibenso kwina kumene anatsala. Ali pa kachidutswa kameneko basi.

Wayilesi ya kaseti kuno ndi yosowa, ndinachita kuipeza m'shopu ya zinthu zakale. Loweruka masana ndinaika kaseti, ndinakhala pansi bwinobwino. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Yachitatu itangoyamba, mayi uja anayamba kuimba ngati wamira m'madzi, kenako zii. Wayilesi yadya tepi! Pokoka kuti ndiitulutse, phwi, inaduka. Ndinalira, Amayi, kulira kumene ndinalephera kudzalira pabwalo panu.

Bambo a Tadala anavala jekete n'kutuluka. Pobwera anali ndi sidi ya chimbale chomwecho, yatsopano, yonyezimira. Akuti, "Usalire, ndi nyimbo zomwezo. Inagulidwa dziko lonse imeneyi, shopu iliyonse ilipo." Munthu wabwino mkamwini wanuyu, koma ndinatsala pang'ono kumugenda nayo. Nditaimvera, nyimbo yachitatu inaimba bwinobwino mpaka kumapeto, popanda woisokoneza. Sindinafune kuimvanso.

Mawa lake titachoka kutchalitchi ndinakumbukira mmene munkachitira tepi ikaduka. Lezala, kyuteksi yopaka zikhadabo ndi cholembera. Munkadula pamene pakwinyika, kupaka kadontho ka kyuteksi, kusanjikiza nsonga ziwirizo, kukanikiza ndi chikhadabo uku mukuuzira, kenako kupota ndi cholembera. Munkandiuza kuti, "Manja akamanjenjemera yamba wamwa madzi, chinthucho sichithawa." Ndinamwa makapu awiri. Ine amene ndimabaya jakisoni nkhalamba zosaoneka mitsempha popanda kuphethira, tsiku limenelo ndinachita kuiopa lezala. Pamene panatafunidwa panali potalika ngati chala changa chapakati, ndipo panayenera kuchoka. Sindinkadziwa kuti ndikudula mawu a ndani, a mayi uja kapena anu.

Kyuteksi itauma ndinatsuka mkati mwa wayilesi ndi thonje, ndinapemphera, n'kudina. Mayi uja anaimba, anadumpha mawu angapo pamene ndinalumikiza, n'kupitiriza. Kenako khotyo, phokoso la makina osokera, tambala wa kwa aneba, ndiyeno inuyo: "Iwe Tadala, wadina chiyani apa? Mayo ine, nyimbo yanga! Choka, kamwana kosamva iwe!" Ndipo munaseka. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala, ndinkangokumbukira kukwiya kokha. Zonse zilipo, Amayi, sindinadule ngakhale mpweya wanu. Amene anataya mawu ndi mayi wa ku Amereka, ndipo iye sangadandaule, mawu ake ali m'nyumba zambirimbiri.

Tadala anali patebulo akulemba za kusukulu. Wakula, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Chichewa amamva koma kuyankha ndi Chizungu chokhachokha, ngakhale ndimukalipire bwanji. Atamva dzina lake anaimika cholembera. Anabwera n'kufunsa kuti akulankhulawo ndani. Ndinati ndi agogo ako, ndipo wolakwayo ndiwe. Anati ndibwezere. Ndinapota ndi cholembera, poopa kuti wayilesi ingadyenso. Anamvetsera atagwada, khutu pafupi ndi sipika, ndipo mutamaliza kuseka anati, "Pepani agogo." M'Chichewa, Amayi, popanda womuuza.

Ndinamukumbatira n'kumuuza kuti palibe chopepesa. Chikhala kuti kachala kake sikanadine batani lija, bwenzi lero ndili ndi nyimbo yathunthu koma inu mulibe. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha kusamva kwa mwana ameneyu. Ndikuthokozanso mayi uja, amene sadzadziwa n'komwe kuti anakusungirani malo pakati pa nyimbo yake. Ndipo zikomo inuyo pondiphunzitsa kulumikiza zinthu m'malo mozitaya.

Bambo a Tadala apeza mnzawo wakuntchito amene atikopere kasetiyi pa sidi, ndiye ndawakhululukira. Ina nditumiza kwa achimwene. Ndikulonjeza kuti Esinati akayamba kumva, adzakumvani mukukalipira mkulu wake, ndipo adzadziwa mwini dzina lake ndi mawu. Pitirizani kuusa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Make Tadala