Sipika yoti ndimvere amake Taonga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 58, mlimi wa soya ndi mtedza kuno ku Sinda. Sindinalemberepo kunyuzipepala, ndipo nkhani yanga mwina muiona yaing'ono. Ndikufuna kugula sipika.

Mkazi wanga, amake Taonga, anatisiya mu Okutobala chaka chatha. Ankaimba alito m'kwaya ya Chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Anali ndi chizolowezi chimene aphunzitsi a kwaya, mayi Brenda, analephera kuwaletsa. Pa "Ameni" womaliza, anzawo onse atatseka pakamwa, iwo ankatsalira okha pang'ono. Mayi Brenda ankati, "Amake Taonga, basi yafika kale, tsikani!" Iwo ankangoseka.

Mwezi watha mwana wathu Taonga, amene amaphunzitsa ku Vubwi, anandiimbira foni ali wefuwefu. "Atate, amayi ali pa intaneti!" Wina anajambula kwaya yawo pamsonkhano wa amayi zaka zitatu zapitazo n'kuikapo nyimbo zisanu. Ndinatsegula pafoni yanga. Nkhope ndinaiona, mzere wachiwiri, duku litapendekeka monga mwa masiku onse. Koma mawu ankamveka ngati anthu akuimbira m'chitini.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita nayo foniyo kwa a Tembo, mphunzitsi wopuma woyandikana nafe, amene ali ndi timasipika tiwiri takale pashelefu. Analumikiza. Aphungu, pa nyimbo yachinayi, onse atamaliza, ndinawamva. Anatsalira. Ndinangozindikira ndaimirira. A Tembo anaibwereza kanayi osandifunsa kanthu. Chichokereni tsiku limenelo mluzu wabwerera pakamwa panga, mpaka anthu kumunda akudabwa.

Soya ndagulitsa, tsopano ndikufuna masipika anga. Koma ndikufuna azigwiranso ntchito pa TV. Khutu langa lamanzere silimva bwino. Nthawi ya nkhani ndinkangoti, "Ati bwanji?" amake Taonga n'kundibwerezera, nthawi zina n'kuwonjezerapo zawo. Masiku ano ndimangotsata milomo ya wowerenga.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Katete. M'shopu ina wogulitsa anandionetsa chisipika chondifika m'chiuno, cha matayala ndi magetsi othwanima. Anati, "Mdala, iyi ndiye original. Mukaliza pa Sinda, na ku Mkaika bazavina!" Ndinamupatsa foni. Besi inagwedeza mapoto pashelefu, ng'oma ndinaimva m'chifuwa, koma amake Taonga sanamveke. Iye anati vuto ndi makutu anga. Anandionetsanso ina yaitali, yowonda ngati mpini wa khasu, akuti saundiba, koma anakana kuitulutsa m'katoni ndisanalipire. Ndinabwerako chimanjamanja.

Pali chinanso. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga. Mlamu wanga Samson, mlongo wawo wa malemu, atamva anati, "Alamu, chiliza sitinamange, inu mwayamba za disiko?" Ananena moseka, koma mawuwo sakuchoka mumtima mwanga. Mwambo wa chiliza uli mu Ogasiti ndipo amayi a kwaya adzabwera pakhomo. Ndikulakalaka adzamumve mnzawo.

Kwathu magetsi ndi a sola, batire imodzi. Ndigule iti? Kodi sipika imodzi ingathe ntchito ziwirizi? Nanga kapena ndafulumira?

L.B., Sinda

A L.B.,

Pepani ndi imfa ya mayi. Koma kalata yanu yandisangalatsa, ndipo yankho langa ndi lalifupi: gulani! Simunafulumire, ndipo makutu anu alibe mlandu pa zimene zinachitika m'shopu muja.

Chisipika cha matayala chija anachipangira ukwati ndi misonkhano. Ntchito yake ndi kugunda. Mawu a munthu sakhala pansi pamene pali besi, amakhala pakatikati, ndipo besi ikachuluka imawakwirira. Apa ndiye pali mwayi wanu: alito ya amake Taonga ndi mawu a wowerenga nkhani zimakhala malo amodzi. Sipika imene itulutse mayi bwino idzakuuzaninso nkhani popanda "Ati bwanji?" Choncho inde, imodzi ikwanira.

Mukadakhala mchimwene wanga ndikadati gulani timasipika tiwiri toyendera limodzi tonga ta a Tembo, tokhala ndi ampu, kachipangizo kokuza mawu, m'kati mwake. Kwaya imamveka motakasuka pa tiwiri, munthu n'kumasiyanitsa mawu. Saundiba nayo ndi yabwino, makamaka pa TV. Ya besi yapadera isakukopeni, chipinda chochezera si bwalo la mpira.

Musanakwere minibasi, tembenuzani TV yanu mujambule kumbuyo kwake ndi foni. Onani ngati pali polembedwa ARC kapena OPTICAL, kapena kabowo ka mahedifoni, kapena tiwiri tofiira ndi toyera. Sipika ikhale ndi polowetsa pofanana, ndipo waya wake mugulire pomwepo. TV muilumikize ndi waya, foni ndi bulututhi. TV ikadutsa pa bulututhi nthawi zina mawu amabwera mochedwa, milomo itatseka kale. Kwa inu amene mwazolowera kutsata milomo, zimenezo zingakupweteketseni mutu.

Manambala akuluakulu a pakatoni asakunamizeni. Werengani kapepala komata kumbuyo kwa sipika, kamene kamanena magetsi amene imadya, mumufunse amene anakuikirani sola ngati batire yanu ingathe kunyamula sipikayo pamodzi ndi TV.

Tsopano chachikulu. Muli ndi choyesera chimene wogulitsa aliyense alibe: nyimbo yachinayi. Tengani a Tembo mupite nawo. Muuzeni wogulitsa atsitse besi, aike mawu pamlingo wa m'nyumba, ndipo muimirire chapatali ngati mmene mpando wanu wakhalira ndi TV. Mukawamva mayi atatsalira, imeneyo ndi yanu. Akakana kutsegula katoni, tsanzikani. Mashopu ku Katete ndi ambiri, ndipo ku Chipata si kutali. Lisiti yolembedwa miyezi ya galanti musaisiye.

Musadalire intaneti yokha. Bandulo imatha, netiweki imathawa, ndipo amene anaika nyimbozo akhoza kuzichotsa mawa osakuuzani. Sabata ino muuzeni Taonga, mothandizana ndi mayi Brenda, afufuze amene anajambula n'kumupempha nyimbo zoyambirirazo. Kawirikawiri zimamveka bwino kuposa za pa intaneti. Zisungidwe pawiri, pafoni ndi pa fulashi, ndipo fulashi ina ikhale ku Vubwi.

Za alamu anu, musatsutsane nawo. Iwo akuganiza za magetsi othwanima chifukwa sanamve zimene inu munamva kwa a Tembo. Tsiku lobwera ndi masipika, muwaitane iwo poyamba, anthu ena asanadziwe. Apatseni mpando wabwino, muike nyimbo yachinayi, inu mukhale chete. Ndi mlongo wawo. Anayamba kumumva akutsalira inu musanamudziwe n'komwe.

Chenjezo langa ndi ili. Sipika yabwino ingathe kumutsekera munthu m'nyumba. Musasandutse nyimbozi zomvera nokha, chitseko chili chotseka, mtedza ukudikira kumunda. Mayi ankaimba pagulu. Muziwamvera ndi anthu, ndipo mluzu uja musausiye.

Ogasiti akafika, amayi a kwaya atadzaza pakhonde, rimoti muigwire nokha, musawapatse mayi Brenda. Pa "Ameni" womaliza chala chanu chisathamangire kuzimitsa. Ulendo uno palibe wowauza amake Taonga kuti atsike. Alekeni amalize.

Aphungu