Mnyamata wa M'magalasi

Brighton mphwanga ku Joni,

Wolemba ndine Ezekiele, mkulu wa zofufuza m'Golomoti monse, wodzisankha ndekha. Kuno tilipo, mpunga ku Bwanje tinamweta.

Magalasi a magemu unatumiza aja anafika, koma ndikuwakayikira. Unati ndi a ana, koma azakhali ako Namaliya anawalanda. Akangowamanga kumaso amaseka okha, manja m'mwamba, eti akukwera phiri. Phiri liti, munthu woti chimwetere mpunga sanadzuke pamphasa, kubafa ndimachita kuwanyamula?

Ndinawafunsa, "Mayi, mukuseka ndi ndani m'menemo?"

Iwo, "Mnyamata wa mano onse. Chokani, mukunditchinga."

Nditavala ine ndinangoona nsomba, mnyamatayo atabisala. Ndamva kuti kwatuluka ena atsopano owala koposa. Usatumize, angamuonetsetse. Komabe kotchaja ndimapita nawo ndekha, chifukwa magalasiwo akazima, azakhali akowo amangoyang'ana kudenga, phala osaligwira.

Ukapeza tchuthi ubwere, udzandithandize kumuthamangitsa mnyamata mnzakoyo. Usadikire mvula.

Ndine malume ako,
Ezekiele

Za mnyamata wa mano uja ndapeka ndine. Za mphasa sindinapeke.