Piritsi Lachisanu

Lolemba, 6 Meyi

Tsiku loyamba popanda kodini, mankhwala opha ululu aja. Zaka ziwiri ndi miyezi itatu ndikumwa. Anandiyambitsa ndi dokotala, nditagwa pamasitepe n'kuvulala msana. Lero wondiletsa ndi dokotalanso, kamtsikana kofanana ndi mng'ono wanga. Onse awiri zovala zoyera mbee. Wamanyazi ndine ndekha.

Wandilembera mapiritsi anayi. Kakang'ono koyera ka thukuta ndi kunjenjemera, lina la m'mimba, lina la nseru, lina la kuphwanya kwa thupi. Akuti sachiritsa, amangochepetsa ukali wake. Mankhwala osiyira mankhwala. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaseka.

Sanandipatse m'manja. Anandidumpha n'kupatsa apongozi, amene abwera kudzakhala nafe chifukwa cha zomwezi. Ati wosunga azikhala wina. Atsekera musutikesi yawo, kiyi pachingwe m'khosi.

Lachiwiri la sabata ya mawa adzandiyeza mkodzo. Akapanda kupezamo kanthu, mwana wanga Kachiwala abwerera kunyumba. Bambo ake atero, ndipo munthu uja akanena wanena.

Lachiwiri, 7 Meyi

Kuyasamula kosatha. Mamina, misozi, koma sindikulira. Thupi tsemwe lokhalokha dzuwa likuswa mtengo. Kuchimbudzi kasanu ndi kawiri, ngakhale ndamwa la m'mimba lija.

Apongozi amabwera katatu patsiku, kapu ya madzi kudzanja ili, mapiritsi kudzanja linalo. Ndikameza, "Tayasamulani, mwana wanga." Ndiyasamule, ndikweze lilime. Ine mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, amene ndavekapo akwati osawerengeka.

Kabedi ka Kachiwala kali momwe kanalili. Masabata atatu ali kwa alamu, achemwali a bambo ake. Ndinangosinza pamakina osokera, simbi ili pansalu. Utsi nyumba yonse. Mwana wa zaka zisanu ndiye anathamanga kukaitana aneba. Ndikudziwa zimene ndinachita, sindifuna wondikumbutsa. Koma alamu akaimba foni salephera.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndinayesa kulowetsa ulusi pasingano. Kakhumi. Ndinataya singanoyo pansi, kenako n'kumaikwawira poopa kuti wina aiponda. Yemwe angaiponde ndani? Mwana palibe.

Mayi wa madiresi a kwaya uja wabwera kudzatenga nsalu zake zosasoka. Ati, "Muyambe mwachira kaye, asisi." Maso ali kuchipinda, kufuna kuona ngati zimene anamva n'zoona. Pofika madzulo ndikhala ndili m'kamwa mwa mzere wonse wa nyumba zino.

Kakang'ono koyera kamandichititsa chizungulire ndikadzuka msanga. Thukuta lachepa, ndisaname. Miyendo ndiye ayi. Ikupalasa yokha ngati ili pamakina.

Lachinayi, 9 Meyi

Lero ndinagwada. Ndilembe, ndisadzakane. Ndinawagwira miyendo apongozi kukhitchini, ndikuti andipezere limodzi lokha, ngakhale theka. Anati, "Adokotala akana, mwana wanga." Ndinawatchula mfiti. Mayi amene anandichapira matewera mwezi wathunthu nditachira Kachiwala. Anapita kuseri kwa nyumba, ndinawamva akufwenthera.

Bambo a mwana amachoka m'mamawa, kubwera madzulo, funso limodzi, ndipo osati kwa ine: "Wamwa?" Ndikumuda. Ndikudziwa kuti sanalakwe, ndipo ndikumudera chomwecho.

Kachiwala pafoni. Ati azakhali amumeta chifukwa tsitsi limavuta kupesa. Tsitsi limene ndinalisamala zaka zitatu. Osandifunsa n'komwe.

Loweruka, 11 Meyi

Ndagona. Tulo tenitenidi. Kuyambira dzulo masana thupi labwerera mwakale, mafupa ali zii. Ndadya, ndasamba, ndachapa makatani.

Ulusi walowa kamodzi n'kamodzi. Ndadula kadiresi kachikasu pansalu yotsala, kolala yozungulira monga amakondera. Apongozi akuyenda akuimba pansipansi. Sakundiyasamulitsanso.

Bambo a mwana anaima pakhomo kundiyang'ana ndikusoka. Ati, "Wayamba kuoneka munthu." Ndiye kale ndinali chiyani? Ndangomeza.

Lolemba, 13 Meyi

Kadiresi katha, kangotsala mabatani. Ndayanika kamatiresi kake padzuwa. Mawa kuchipatala. Sindikufuna kulemba zambiri.

Lachiwiri, 14 Meyi

Apezamo.

Namwino sanakweze n'komwe mawu. "Mayi, mwamwanso." Ndinati makina awo ndi onama. Anayezanso. Chimodzimodzi. Kadokotala kaja kanangovula magalasi n'kunena kuti zimachitika, tiyambiranso. Tiyambiranso, ngati akumva nawo.

Kufika kunyumba, bambo a mwana anayamba chipikisheni. Madirowa a makina, chitini cha mabatani, m'nsapato, mpaka kusomola mpendero wa makatani. Sanapeze kanthu. Ati ndiye kuti ndabisa mwaluso. Waimbira alamu ine ndili pomwepo: mwana asabwere.

Apongozi tsiku lonse m'chipinda, akuti mutu.

Lachitatu, 15 Meyi

Mwana wawo atangopita kuntchito, apongozi anandiitana. Anatsegula sutikesi, n'kutulutsa kabokosi kena pansi pa zovala. Mapiritsi awo a bondo, ochokera kuchipatala cha kwawo. Ndinawerenga timalemba tating'ono tam'mbali. Kodini.

Kuyambira Lachisanu akhala akuwonjezera limodzi pa anayi aja, katatu patsiku. Ati kulira kwanga kunawadula mtima. "Si ogula pamsewu awa, anandilembera ndi adokotala. Ndimati a dokotala ndi a dokotala basi." Timalemba timeneto maso awo saona. Ndipo kuchipatala kuja palibe anawafunsa ngati ali ndi mankhwala awoawo m'nyumba. Anangoona gogo waulemu wake, n'kumupatsa udindo.

Masiku anayi a moto aja apita pachabe. Chifundo chawo chandilanda mwana kachiwiri.

Anandigwira dzanja. "Musamuuze, andithamangitsa." Madzulo ndinamuuza mwana wawoyo akadali pakhomo, nsapato asanavule. Ati, "Wafika ponamizira mayi anga?" Iwo ali pampando, maso pansi.

Lachisanu, 17 Meyi

Tsiku lachitatu, kachiwiri. Mamina, miyendo, chimbudzi, zonse zabwerera ndi abale ake. Tsopano mapiritsi ndimakamwera kuchipatala m'mawa uliwonse, a madzulo amasunga bambo a mwana m'thumba la jekete.

Apongozi aulula okha dzulo. Anaika kabokosi patebulo pamaso pa mwana wawo. Sindinamumvepo akukalipira mayi ake chotero. Ati akanandipha, ati aononga banja lake. Lero m'mawa anyamuka, sutikesi pamutu, akutsimphina. Anakana kuperekezedwa. Potuluka anati, "Mundikhululukire, mwana wanga." Ndinayang'ana kukhoma.

Mwana wawo ndiye wasanduka wina. Wandiphikira tiyi. "Pepa, ndinakuganizira zoipa." Wauza alamu kuti ndinalibe mlandu, wauza adokotala, wauza ndi aneba omwe. Akuti Lachiwiri likubwerali akangoyeza, Kachiwala tikamutenga tsiku lomwelo. Wandisokereranso mpendero wa katani ndi manja ake, mokhotakhota.

Loweruka, 18 Meyi

Buku ili ndi langa, ndinamenso muno?

Ndinadziwa.

Lachisanu lija apongozi atandithira mapiritsi m'dzanja, sindinayang'ane, koma chala chinawerenga. Asanu. Ine telala, batani likasowa pamalaya ndimadziwa ndisanaone. Ndipo lachisanulo ndimalidziwa kuposa nkhope yanga: kukula kwake, kamzere kapakati, kuwawa kwake kukhosi. Ndinaponya onse m'kamwa msangamsanga kuti maso asakhale mboni.

Loweruka, Lamulungu, Lolemba. Ndinkamvetsera mapazi awo m'khonde ngati mtsikana wodikira chibwenzi. Kadiresi kachikasu ndinkasoka ndikudziwa chimene chalimbitsa manja anga. Ndinkadziwanso kuti Lachiwiri kuli kuyeza. Ndinasankha, katatu patsiku, ndipo sindinasankhe mwana wanga.

Gogo uja analakwitsa posadziwa. Wapita kwawo ndi mlandu wanga pamutu, mwana wake sakumuyankha foni.

Ndikanena, Kachiwala sabwera Lachiwiri, mwina ngakhale chaka chino. Ndikapanda kunena, abwera, adzagona pakabedi kake, ndipo tsiku lina adzafunsa chifukwa chake agogo safikanso kuno.

Geti lalira. Ndi iyeyo, ndamuona pawindo. Wanyamula tinsapato tatsopano ta mwana, akumwetulira yekha. Ndili ndi nthawi yongokwana kupukuta m'maso, kenako ndi...