Botolo Lija la Mankhwala a Maso

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko ku Chitala. Kodi miyendo ija ikukuvutanibe? Ine kuno kunyanja ndilipo. Usipa ukugwidwa, tikuyanika. Bambo a Tikondwe akadali ku chilumba cha Mbenji, ndipo zimene ndikulembazi sanazimve.

Matenda a maso ofiira aja anatifika mwezi watha. Anthu ankati ukangoyang'anizana ndi wodwala watenga, moti pa thandala loyanikira usipa tinkapatsana moni titawerama.

Tsiku lina Tikondwe anadzuka zikope zitamatana ndi manthongo. Ndinatenga botolo lija la madzi a masamba munandipatsa pobwera kuno, n'kumamudonthezera kawiri pa tsiku. Ankalira kuti zikuwotcha. Ine ndinkamupana mutu ndi mawondo, n'kumamuuza kuti ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Ndinatero masiku anayi.

Tsiku lachisanu ndinapita naye kuchipatala. Adokotala anati matendawa sayenda ndi kuyang'anana ayi, amayenda ndi manja komanso chitenje chopukutira kumaso anthu angapo. Anati kawirikawiri amatha okha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, bola kusamba m'manja ndi sopo ndi kupukuta manthongo ndi madzi oyera. Kenako anandifunsa chimene ndinathiramo. Diso lakumanzere lapulumuka. Lakumanja akuti linapsa, layera, ndipo sakulonjeza kanthu.

Sindinalire, Amayi, mpaka lero. Ndimadzuka, ndimayanika usipa, ndimaanula. Mumtima muli zii. Ana a Hajara, mnzanga wa pa thandala, anadwalanso koma sanawathire kanthu. Anachira, akusewera mumchengamu.

Sindikukuimbani mlandu. Dzanja linali langa.

A Binali, amene akubweretserani kalatayi, andiuza kuti khanda la mng'ono wanga Ester layamba kufiira maso. Pempho langa ndi limodzi. Botolo linzake lija lili pawindo kuchipinda kwanu, mukalitaye m'chimbudzi lero lomwe. Mwanayo musamuthire chilichonse, ngakhale mkaka wa m'mawere. Ester apite naye kuchipatala, poti khanda akuti silidikiritsidwa.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa mng'ono wanga Ester ndi alamu anga. Tikondwe nayenso akupereka moni. Akuti mukadzabwera muzidzakhala kumanzere kwake, kuti azidzakuonani.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Jenifer