Masamba a mtedza amene munawatsuka

Nairobi, 27 Januwale

Achimwene a Vitus,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kwa Dambe kumeneko. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi, ndipo chifukwa chake ndi inu.

Chaka chatha ndinakutumizirani foni kuti muzijambula masamba a mtedza m'minda. Ndinafotokoza kuti kuntchito kwathu tikuphunzitsa kompyuta kuzindikira matenda a kadukutu poona chithunzi, kuti mlimi azidziwa msanga mlangizi asanafike. Munatumiza zithunzi 612. Ndaziona chimodzichimodzi, kawiri. Pa zimenezo, 587 ndi za masamba othyola, otsukidwa, oyalidwa pa nsalu yoyera ija amayi amayala patebulo kukabwera ansembe. Alamu andiuza kuti munkawatsuka m'beseni, ati zithunzi zikupita kunja ndiye anthu asaone ngati kwathu ndife auve.

Kompyuta si mlendo woti mumusesere pabwalo, achimwene. Imaphunzira chokhacho chimene yaonetsedwa. Pa zithunzi zanuzo inkakhoza 97 pa 100 zilizonse, mabwana mpaka anandigwira chanza. Titaiyesa pa zithunzi zochepa zojambulidwa m'munda weniweni, inakhoza 58 zokha. Tsamba likakhala ndi dothi lofiira imati likudwala. Lodwala likakhala pamthunzi imati lili bwino. Mlimi woikhulupirira angazule mtedza wabwino n'kusiya wodwala.

Tsopano ndasintha kaphunzitsidwe. Njira yake pa Chingerezi amati robust optimization. M'malo moti kompyuta izisangalala ndi zithunzi zosavuta, nthawi iliyonse ndimafufuza pamene ikulephera kwambiri, monga pa chithunzi cha mdima, cha fumbi kapena chojambulidwa ndi dzanja lonjenjemera, n'kuikakamiza kukonza pamenepo kaye. Njirayi ili ndi kuipa kwake, sindikubisa. Pa zithunzi zoyera yatsika kufika 91, ndipo ikuphunzira mochedwa. Koma pa zovuta yakwera kufika 74. Mabwana akufuna 85. Fumbi limene ndikupaka pa zithunzi zanu ndi la pakompyuta, silifanana ndi matope a mvula ya Januwale, ndiye sikukweranso.

Ndamva zimene munalankhula tsiku la msika pa Kamwendo. A Pius, amene amayendetsa thiraki ya ku Chipata, anandiimbira akuseka. Akuti munauza anthu kuti mlongo wanu anapita ku koleji kukaphunzira kudetsa zithunzi, ndi kuti makina ake ayamba kupusa chiwakhudzireni. Ine ndakhala zaka khumi ndi chimodzi pa ntchito imeneyi. Inu ndinakupemphani chinthu chimodzi, ndinachilemba papepala, ndinabwerezanso pafoni katatu kuti tsamba lisathyoledwe. Munayankha kuti mwamva.

Pa 20 Febuluwale tikubwera kudzaiyesa m'minda ya kufupi ndi Kachebere, pamaso pa alimi ndi amene akutithandiza pa ntchitoyi. Ikalephera, ntchito yonse aitseka ndipo kontirakiti yanga ithera pomwepo. Mabwana anandiuza mosapita m'mbali.

Pempho langa ndi ili. Pofika Lachisanu pa 7 Febuluwale, nditumizireni zithunzi 300 za masamba ali pa mtengo wake m'munda. Musatsuke, musapukute, musathyole. Jambulani m'mawa mame asanaume, masana dzuwa likuswa mtengo, ndi madzulo kuli mitambo. Lowaninso m'minda ya anthu aulesi, yodzala udzu. Chithunzi chikaoneka choipa musachifufute, chimenecho ndiye ndikufuna. Ngati mukuona kuti n'zonyozetsa, perekani foniyo kwa Stelia wa amayi aang'ono mawa lomwe, iye sachita manyazi ndi dothi.

Amayi musawauze za kontirakiti, kuthamanga kwa magazi kungawayambenso. Koma inu dziwani ichi. Ntchito ikatha sindikhala kuno. Ndibwera kumudzi kudzalima, ndipo munda wa kudambo umene mwakhala mukudzalamo soya zaka zisanu ndi chimodzi ndi wanga, amalume anagawira ine. Ndidzaufuna mukangokolola.

Mupereke moni kwa amayi, kwa amalume a Cyprian, kwa amayi aang'ono, kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Luwiza